Ndinasongola cholembera cha Esinati

Mpaka lero m'nyumba mwanga amandibisira lezala ngati ndine mwana. Sindidandaula, ndinaziputa ndekha.

Mwana wanga Esinati, amene akuphunzira za unamwino, anabwera ku holide kuno ku Ulongwe ndi kachipangizo kowerengerapo mabuku. Notsi zake zonse za mayeso zinali mmenemo, ndipo ankalemba pagalasi pakepo ndi zolembera zopanda inki. Anali nazo ziwiri, chonenepa ndi chowonda. Chonenepa ankati chimagwirika bwino koma kansonga kake kabuntha, pamene chowonda chimaterera. Loweruka anakwera minibasi kupita ku Balaka kukalandira tinsonga tatsopano timene mnzake anamutumizira.

Ndiye ine kuganiza: mwana azivutika ndi nsonga yobuntha, bambo ake alipo, amene anasongola mapensulo a Sitandade 1 zaka zonse zija? (Pa kusongola pokha, ngakhale ahedi ankandipatsa ulemu.) Ndinatenga lezala n'kuchisongola chonenepa chija mpaka kansonga kukhala ngati munga.

Mphunzitsi akamayesa cholembera salemba dzina, amachonga. Ndinachonga pagalasi paja mwamphamvu, kuchonga kwa mwana wokhoza zonse. Kunamveka kuti tswii. Ndinapukuta ndi malaya, mzere osachoka. Malovu, osachoka. Ndinayesa kufufuta ndi chowonda chija, ayi ndithu.

Ndinathamangira kwa Che Juma, telala woyandikana nafe.

"Pakanipo mankhwala otsukira mano, aphunzitsi," anatero. "Wotchi yanga inayera ndi omwewo."

Ndinapaka. Mzere uja unangoyera mbee, kuonekera bwino kuposa kale.

Esinati atafika anatulutsa tinsonga take, tating'ono ngati mpunga. Anayang'ana kansonga ndinasongola kaja, n'kundiyang'ana ine. Anakazula, n'kubayapo katsopano, osatha ndi mphindi yomwe. Kenako anayatsa chipangizo chija. Notsi zikanawonongeka ndikanamuuza chiyani mwanayo?

Notsi zinalipo zonse. Anatsegula tsamba loyamba, lochonga. Lachiwiri, lochonga. Lachitatu chimodzimodzi.

"Ababa, mwatani apa?"

"Ndimati ndikuthandize, mwanawe."

"Iyayi, mwandikhozetsa mayeso ndisanalembe!"

Anaseka mpaka misozi, koma mayi ake sanaseke. Manyazi anandigwira, ndipo ndinalumbira pamaso pawo kuti sindidzakhudzanso zinthu za Esinati. Koma kansonga kaja ndinakatola mwachinsinsi, ndipo ndikakayang'ana, kunena chilungamo, kanasongoka bwino.