Chala Changa pa Phiri la Tebulo

Amene akufuna kuseka asekeretu amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Inu anyamata a muno mu Joe Slovo Park mukatukula foni n'kupinda milomo mumati mwajambula. Ine Bwanali ndinanyamula kamera yeniyeni inu mukuyamwa, ndipo mpaka lero palibe amene anandithokozapo.

Ndinkagwira gadeni ku Table View kwa mzungu wina wojambula zithunzi za mahotela. Ataona kuti msana wanga ndi wa ku Machinga, anandichotsa ku maluwa n'kundisandutsa bulu wake. Koma katundu wake anali katundu, abale anga. Kamera yakuda bii, yolemera ngati mwana woyamba kukwawa, yophethira msanga kuposa mphezi. Lenzi yake yaitali ngati munsi inkagona m'bokosi la siponji, ine ndikugona pa makatoni. Panali choimikira cha miyendo itatu, maambulera oyera osadziwa mvula, nyali za fulashi, mabatire onga njerwa, ndi chimbale chasiliva chobwezera dzuwa kumene lakana kufika. Tsiku lina ndinasuzumira mu lenzi imeneyo ndili pagombe, ndinaona nyerere ikukwera khoma pa ndende yakale ya pachilumba chili kutali m'nyanjamo, ndipo nyerereyo inkatsimphina mwendo wakumanzere. Mukumva?

Nthawi imeneyo dalaivala wa basi ya kumudzi anandibweretsera uthenga. Amalume a Abiti Jafali, mkazi wanga, ankati ndatchona, mwinanso ndinafa, ndipo anali atamupezera kale mwamuna wina wa golosale. Mkaziyo anawapempha kuti adikire basi yotsatira. Ikabwera ndi chithunzi changa nditaima patsogolo pa phiri la Tebulo, banja lilipo. Ikabwera chimanjamanja, latha. Ndinapempha bwana kuti andijambule kamodzi kokha. Anati kamera imeneyo si yojambulira anthu a gadeni. Munthu amene ndinkamunyamulira mpaka phewa kutupa.

Basi ili pafupi kunyamuka, tinapita kugombe kukajambula phiri. Mphepo ya kuno ija inali ikukuntha, phiri litafunda mtambo ngati wodwala malungo. Bwana anatukwana, n'kupita kukamwa khofi kuti kuyambe kwayera. Ndinatsala ndekha ndi katundu yense.

Ndinaimika miyendo itatu ija mumchenga, mphepo inazula, ndinaimangirira ku galimoto ya bwana, galimoto inayamba kukokeka chammbali, ndiye ndinatambasula ambulera wamkulu kuti nditchinge, mphepo inandinyamula naye kundidutsitsa pamwamba pa madenga a Dunoon mpaka ndinaona mnzanga Saidi, amene anandinamiza kuti wapita kuganyu, ali chigonere kuseri kwa nyumba, ndipo ndili m'mwamba momwemo ndinatembenuza ambulera uja n'kubweza mphepo yonse kuphiri, mtambo unavundukuka ngati bulangete la mwana waulesi, kukagwera ku Mfuleni, kumene anthu anayenda chofufuza mpaka madzulo. Kafunseni akale a kumeneko. Nditatera ndinapeza dzuwa laima polakwika, ndinalikola ndi chimbale chasiliva n'kuliponya pankhope pa phiri. Phirilo linali patali, ndinapotokola lenzi, phiri linadzuka, linawoloka nyanja, sitima zikulipatukira, mpaka mbira za m'matanthwe zinayamba kununkhiza nsapato zanga. Poyesa fulashi, atambala a Milnerton yonse analira masanasana, nsomba zinatseka maso, ndipo mthunzi wanga unathawa, unadzabwera Lachinayi uli wefuwefu. Mukumva inu? Wallahi, ndife pompano.

Wondijambula ndiye panalibe. Ndinati palibe kanthu, ndidina batani n'kuthamangira kutsogolo, poti ine pa unyamata wanga ndinkapitirira gwape. Ndinadina, ndinaliyatsa liwiro, mchenga n'kuchita utsi. Koma kamera ija ndimaivulira chipewa. Inandiposa.

Bwana atabwera anayang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, anatsegula pakamwa kuti andichotse ntchito, n'kutsekanso. Phiri lonse linali mmenemo, mng'alu uliwonse, ndevu za mbira zoti mungaziwerenge. Ndipo pakona, chapansi, panali chala changa chachikulu cha kudzanja chokha. Ndi chimene chinali chitafika. Thupi lonse linali likadali m'njira.

Anandisindikizira chimodzi, ndinachipereka kwa dalaivala. Akuti amalume aja atachiona anaseka mpaka kutsokomola, amvekere phiri tikuliona, nanga mkamwini ali kuti. Abiti Jafali anachilanda, anachiyandikitsa kumaso, anaona chikhadabo chong'ambika pakati, pamene ndinadzitema ndi chikwanje ndikudula mitengo ya nyumba yake. Kamera ija sinabise ngakhale kachipsera.

“Chala ichi ndikuchidziwa,” anatero. “Wa golosaleyo muuzeni abwerere.”

Bwana uja anafufuta chala changa pa kompyuta, n'kulemba dzina lake pansi. Lero chithunzicho chapachikidwa m'mahotela amene ine sandilola ngakhale kuima pageti. Azungu amachiyang'ana n'kumati wojambulayu ndi katswiri. Ndi katswiri inde, wa khofi.

Mukuti umboni uli kuti? Nachi chala, yandikirani, chikhadabo ndi chomwecho. Chithunzi chenicheni chili ku Machinga, pakhoma, ndipo wa golosale uja anakwatira kwina. Abiti Jafali akaimba foni funso lake ndi limodzi: chala chinafika kalekale, nanga mwini wake afika liti?

Ndimamuuza zoona. Ndili m'njira.