Dailesi Wagwada Pamaso pa Majaji

Mande
Mdzukulu wanga Dailesi walembetsa mpikisano wa atsikana okongola ba muno mu Chawama. Wopambana atenga makina osokera, ndiye apita kukapikisana na ba dziko lonse. Makina! Masiku ano amene na sopo yomwe tiimira pamzere kuchokera kuseni! Apambane basi. Ine nine mlangizi, atsikana nalangiza ambiri. Uyu sanganivute.

Chiwiri
Vofunika: diresi, nsapato zazitali, mano oyera. Mano ali nawo. Diresi tadula katani ya pawindo. Nsapato tabwereka kwa Bana Mwape ba nyumba ya kumbuyo. Zakula, taikamo mapepala.

Chitatu
Kuphunzira kuyenda. Bana Mwape bakuwa, "Gwedeza chiuno iwe, bajaji ubayang'ane m'maso!" M'maso! Zaka zonsezi nimuphunzitsa kuyang'ana pansi pamaso pa akulu. Chidendene chimodzi chathyokera m'matope pa pompi. Takhoma na msomali.

Chinayi
Namva lero kuti ku mpikisano waukulu bayenda pa TV na kovala kosambira, pamalo pamene palibe na madzi omwe. Kale vinali va azungu m'maholo mwawo, ufulu utabwera tinatola na ivi. Abusa athu TV ali nayo. Ntchafu za mdzukulu wa mlangizi, mpingo onse uone! Nani azanipatsanso mwana wake kuti nimulangize?

Chisanu
Niganiza zomuletsa. Natsegula pakamwa, iye akuti, "Ambuya, diresi yoyamba nizasokera imwe." Natseka.

Chiweru
Holo yadzaza masana. Dailesi wawala, olo ni katani. Anthu mfuu! Ine thukuta, nipemphera osadziwa chopempha. Dailesi wafika pa tebulo ya majaji, waona mmodzi ali na imvi. Pansi gwa! Wagwada, waomba m'manja: "Mwachoma bwanji, atate?" Bamufunsa chimene azachitira dziko, wayankha maso ali pa simenti ya pansi, palibe wamva. Holo yonse kuseka. Makina wawatenga mwana wina wotafuna chingamu. Ife batipatsa sopo imodzi.

Sondo
Dailesi walira pang'ono, wadya, waseka. Ku tchalitchi azimayi bakuti, "Uja ndiye mwana wolangizidwa." Nangovomera na mutu, mtima uli zii. Makina kulibe, tisoka na manja monga kale. Sopo tadula pakati, ina ya Bana Mwape, kupepesa chidendene. Katani yabwerera pawindo. Manje ili na manja awiri na khosi, koma ibisa.