Joni ndi chikwama cha matewera

Mpaka lero ndikamadutsa pamtengo wa mango pomwe timapangira sikelo ya ana, amayi anzanga amayamba kulira ngati mphaka. Sakweza mawu ayi, amangoti "nyaawu" chapansipansi kwinaku akuyang'ana kumbali ngati si iwo. Ndiye ndati bola ndifotokoze ndekha, chifukwa nkhaniyi yayamba kumera nthambi, ena mpaka akuti ndinakomoka. Sindinakomoke. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Kwathu ndi paboma pa Ntcheu, koma ndinakwatiwa kuno ku Bwanje, kubanja lolima mpunga kusikimu. Nditabereka mwana wanga woyamba, Tadala, ndinasanduka munthu wamantha osaneneka. Akayetsemula, mtima wanga phaa! Akagona nthawi yaitali ndinkamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma, iye n'kudzidzimuka, n'kuyamba kulira, ine n'kuyambanso kuda nkhawa kuti akulira chiyani. (Satifiketi yanga ya kukoleji ndi ya ntchito za muofesi. Za makanda munalibemo ngakhale tsamba limodzi.)

Pakhomo pathu pali mphaka dzina lake Joni. Anamutcha choncho ndi apongozi anga aamuna, omwe unyamata wawo unathera kumigodi ya ku Joni. Ntchito yake ndi kulondera matumba a mpunga kuti makoswe asachitepo phwando. Ine ndi Joni tinkangopirirana. Ndinamva kuti ubweya wa mphaka umayambitsa chifuwa, choncho kuchipinda kogona mwana ndinamuletsa.

Kenako Joni anasintha. Mimba inatupa, kudya osakhuta, kumangozungulira m'nyumba ngati wataya kanthu. Ukamuthamangitsa kunsi kwa bedi, umamupeza m'dengu la zovala. Mwatsoka, sabata yomweyo ndinamvera pulogalamu ya pawailesi yonena za chiwewe. Anati chiweto chimasintha khalidwe, sichikhazikika, chimafuna malo amdima. Ndinazimitsa wailesi.

"Bambo a Tadala, mphakayu ali ndi chiwewe."

"Wakhuta makoswe ameneyo," anatero amuna anga akupopa njinga. "Katemera anabayitsa limodzi ndi agalu, munaona nokha."

"Nanga ngati katemerayo anali wosukuluka?"

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kupopa.

Tsiku la sikelo linafika. Chikwama cha matewera ndinali nditalongeza dzulo lake (munthu wadongosolo ine), n'kuchisiya chosatseka kuseri kwa chitseko. M'mawa ndikuti ndichitenge, ndinapeza Joni wadzipinda m'katimo. Ndinamukalipira, osasuntha. Nditatenga tsache anandionetsa mano n'kunditi "fuuu!", zomwe anali asanachitepo chibwerereni ine pakhomopo. Basi umboni unakwana. Ndinamukankha ndi tsachelo mpaka panja, n'kukoka zipi maso ndili kumbali, poopa kukhudza chilichonse chomwe wagonera. Zipiyo ndi yofa, imathera pakati. Ndinati matewera apamwamba omwe wagonerawo ndikataya ndikafika. Mwana kumbuyo, chikwama paphewa, ulendo.

Njira ya kusikelo imatsata ngalande ya madzi, pakati pa minda ya mpunga. Ndisanapite patali ndinamva kulira kumbuyo. Kucheuka, Joni! Koma sikunali kulira kuja kopempha usipa. Anali mawu okhuthala, ochokera pansi pamimba, oti tsitsi langa linaima. Ndinamugenda ndi chibuma. Anazinda, n'kumabwerabe. Ndinawonjezera liwiro, iyenso anawonjezera. Tadala anayamba kulira, ine ndinayamba kupemphera mokweza, ndipo pakamlatho ka matabwa patapata yanga imodzi inagwera m'madzi. Sindinaitsanzike n'komwe.

Ndinatulukira pamtengo wa mango ndikukuwa: "Thandizeni! Mphaka wachiwewe! Akufuna mwana wanga!"

Abale, mzere wonse unabalalika. Amayi anakwera pamabenchi makanda ali m'manja. Mwana wina anatsala akulendewera pasikelo, alangizi a zaumoyo atamugwira mwendo umodzi, osadziwa kuti amutsitse kapena amukweze. Abambo omwe amakonza njinga chapafupi anathamangira pomwepo ndi miyala, wina ndi chitsulo chochotsera matayala.

Joni anaima potero, akupuma mwawefuwefu. Mwala woyamba unagwa pambali pake, fumbi kobo. Wachiwiri unamukhudza mwendo wakumbuyo. Mphaka aliyense amene ndikumudziwa akanakhala atalowa kale mumpunga. Iye anadzandira pang'ono, n'kuimanso pomwepo.

"Taimani kaye, abambo inu!" Awa anali alamu anga, aNaMaseko, achemwali awo a amuna anga, omwenso anabwera ndi mwana kusikelo. "Alamu, si Joni wathu uyu?"

"Wapenga! Wanditsatira kuchokera kunyumba!"

"Nanga chimimba chija chapita kuti? Komanso taonani, sakuyang'ana inu, sakuyang'ana mwana. Maso ali pachikwamapo."

Panagwa bata. Ndipo m'bata limenelo, chikwama changa chinalira. Timawu tating'ono, toonda ngati ulusi. Apa ndi pomwe ndinakhala pansi mofulumira paja.

Anatsegula ndi aNaMaseko. Pakati pa matewera a Tadala, pamwamba pa khadi lake la kusikelo, panali tiana ta mphaka titatu, maso osatsegula, tikukwawirana kufunafuna bere. Joni anali ataswa m'chikwamamo, ndipo ine, mayi woopa Mulungu, ndinamumenya ndi tsache, kumulanda ana, n'kumuitanira anthu oti amuphe.

"Ndiye wachiwewe ndi uti apa?" anafunsa mayi wina ali pabenchi. Anthu anaseka, koma kusekako sikunapite patali, chifukwa Joni anayamba kuyenda.

Anadutsa pakati pa miyendo ya abambo aja, miyala ikadali m'manja mwawo, osawayang'ana n'komwe. Anafika pamaondo panga, pa ine amene ndinamugenda, n'kulowetsa mutu m'chikwama. Ananyambita kamwana kalikonse ngati akutiwerenga. Kenako anagwira kamodzi pakhosi ndi mano omwe aja amathyola nawo misana ya makoswe, mofatsa moti kamwanako kanangopinda timiyendo n'kukhala chete. Anakweza mutu, n'kuyamba ulendo wobwerera kunyumba, akutsimphina.

Ndinamva miyala ikugwa pansi umodziumodzi. Bambo wa chitsulo uja anachibisa kumbuyo, n'kunena chapansipansi kuti, "Koma Mulungu analenga, inu."

Ine ndinatsala pomwepo nditaphimba chikwama ndi chitenje kuti tiwiri totsalato tisapse ndi dzuwa la ku Bwanje. Sikelo inapitirira, Tadala anamukweza ndi alamu anga, ine maso ali kungalande. Patapita nthawi ndinaona kadontho kakubwera m'mbali mwa madzi. Anali iye, mwendo ukuvutabe, lilime panja. Misozi inangoyamba yokha. Ine kuchokera pamene ndinabereka ndakhala ndikuopa chimfine, udzudzu, mphepo, ngakhale mthunzi wa mtengo, ndipo ndinkayesa kuti umayi ndi umenewo. Mnzangayu anali atangochira kumene, sanadye, wagendedwa, koma ankangobwera.

Atanyamula kachiwiri sindinalole kuti ayende ulendo wina. Ndinanyamula chikwama muli kotsalako n'kumamutsata pambuyo, phazi limodzi lopanda patapata. Akayenda pang'ono ankacheuka kuona ngati wakuba uja akubwera. Tinalowa m'mudzi choncho, iye patsogolo, ine pambuyo ngati wopalamula wopita kubwalo.

Apongozi aamuna anamva nkhani yonse ali pakhonde. Nditamaliza ndinati, "Komatu bambo, ine ndimayesa Joni ndi wamwamuna."

"Munamufunsa?" anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Mwendo uja unapola, alangizi a ziweto anauona n'kunena kuti fupa silinathyoke. Anandiuzanso kuti mphaka woyamwitsa amafuna chakudya chokwanira ndi madzi oyera pafupi, ndipo tianato ndisamatigwiregwire. Usipa wa Joni tsopano ndimapatula ndisanathire mchere. Chikwama chija ndi chake, matewera a Tadala ndimanyamulira m'jumbo.

Mwina mukuganiza kuti mantha anatha. Alangizi aja ndawafunsa za tsiku la katemera wa tianato kambirimbiri, moti akandionera patali amakhotetsa njinga. Dzulo masana amuna anga anandipeza nditagwada kuseri kwa chitseko, chala chili pamphuno pa kamwana kamodzi komwe kanagona nthawi yaitali.

"Kakupuma?" anafunsa.

Kankapuma. Joni anatsegula diso limodzi, n'kuika dzanja lake pamwamba pa chala changa, zikhadabo zitatuluka pang'ono, mpaka ndinachichotsa.