Makaritau Anga ndi Malire a Dimba

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti ku Fonte Boa ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola muimve kwa mwini wake.

Nditamaliza maphunziro a zamalamulo ku Beira, ndinabwerera kwathu n'kutsegula kaofesi ku Ulongwe. Pachitseko ndinalembetsa "Adivogadu", ndiye kuti loya m'Chipwitikizi, ndi zilembo zikuluzikulu. Miyezi itatu inatha, olowa muja anali ntchentche basi. Anthu onse a milandu ankapita kwa a dotolo Mateusi, loya wachikulire wa jekete limodzi, amene ngakhale chikwangwani alibe. Kwathu kuno loya timamutcha dotolo. Ine ndinkangoti mkuluyu ayenera kuti ali ndi kachithumwa pansi pa mpando.

Ndiye ndinapita ku semina ku Tete. Mayi wophunzitsa, wa nsapato zogogoda, anati vuto lathu ndi kubisala. "Dzina lako ndi katundu, uligulitse," anatero. "Mpatse munthu karitau lako, kapepala ka dzina ndi nambala. Umufunse za ntchito yake, ulembe zimene wanena kuti usaiwale, ndipo pasanathe masiku awiri ukamuonenso." Zimenezi ankazitcha netiwekingi. Ndinabwerako nditasindikizitsa makaritau okhala ndi nkhope yanga ndi sikelo ya chilungamo.

Munthu amene ndinkamufuna anali mmodzi: a Bonifasio, wapampando wa gulu la alimi a mbatatesi. Ndinamva kuti gululo likufuna loya woti alikonzere mapepala ogulitsira mbatatesi kwa a malole a ku Kalomwe. Ntchito imeneyo ikandiphonya, ndinali nditaganiza kale zotseka ofesi n'kukapempha ukalaliki ku Tete.

Lamlungu Misa itatha, ndinawapeza panja pa tchalitchi akumasula njinga. Ndinapereka moni, kenaka karitau ndi manja awiri. Analiyang'ana kutsogolo, n'kulitembenuza kumbuyo.

"Ichi n'chiyani, a dotolo?"

"Karitau langa chabe, bambo. Nanga ulimi ukuyenda bwanji? Dimba lanu lili mbali iti?"

"Kumtsinje."

"Mwachita malire ndi ndani kumeneko?"

"A Kasitigo."

Ndinatulutsa kabuku n'kulemba. Mkulu uja anasiya njinga n'kundiyang'ana m'maso.

"Mukulemba chiyani? Wakutumani ndani?"

"Palibe, bambo. Ndikungofuna tidziwane."

"Tidziwane? Pa ubatizo wanu ine ndinalipo, ndipo munalira Misa yonse."

Chimene sukulu ya ku Beira inandiiwalitsa n'chakuti kwathu kuno pepala la loya silibwera kudzacheza. Likakupeza, ndiye kuti wina wakusumira. Ndipo chimene sindinkadziwa n'komwe n'chakuti makolo a akulu awiriwa anatsala pang'ono kutemana ndi makasu chifukwa cha mzere wa nthochi wa pakati pa madimba awo. Anawayanjanitsa ndi padiri kalekale, ndipo chiyambire pamenepo nkhaniyo saitchula ngakhale woledzera.

Ine, poona kuti netiwekingi yayamba bwino, ndinalunjika kwa a Kasitigo, wachiwiri kwa wapampando, amene anaima pafupi ndi belu. Karitau lomwelo, mafunso omwewo, kabuku komweko.

"Mwachokera kwa a Bonifasio apa, eti?" anafunsa.

"Inde, tacheza bwino kwambiri."

"Oo." Anapinda karitau langa kawiri n'kulibisa m'chipewa.

Lachiwiri, monga anatiphunzitsira, ndinakwera njinga yamoto kukawaonanso. Kudimba sindinapeze ngakhale mmodzi wa iwo. Ndinati ulendo usapite pachabe, ndijambule chithunzi choika pa foni, anthu aone loya wa alimi ali pakati pa ntchito. Malo okongola anali pa mzere wa nthochi uja. Ndinayenda uku, ndinabwerera, ndinayendanso, kufunafuna poti dzuwa lindiwale bwino pankhope, foni ili m'mwamba.

Akazi awo a Kasitigo ankathirira kabichi chapafupi. Atandiona ndikuponda malire mwendo ndi mwendo ngati woyeza malo, anataya kheni n'kuthamangira kumudzi.

Pobwerera, amene ndinkawapatsa moni ankayang'ana kumbali. Ndinadziwiratu kuti pali amene akundiipitsira dzina, ndipo sindinavutike kumupeza. Ndinaima pamsewu n'kumulemba m'kabuku.

Lachinayi m'mawa amayi anandiimbira foni. "Iwe Anselimu, bwera ku mishoni tsopano lino. Ndipo usavale taye."

Ndinapeza holo ya mishoni yadzaza. Abale a a Bonifasio anakhala kumanja, a a Kasitigo kumanzere, katekisita pakati.

"Anthu awa andilembera loya!" anatero a Bonifasio. "Loyayo anandipatsa pepala pakhomo pa tchalitchi penipeni."

"Bodza," anayankha a Kasitigo, akuvula chipewa n'kutulutsa lawo. "Anayambira kwa inu kukalandira malangizo. Lachiwiri anabwera kudzayeza nthochi zanga."

"Nthochi zanu? Kuyambira liti?"

Katekisita anagogoda tebulo n'kutembenukira kwa ine. "A dotolo, pano si tiribunali yoweruza milandu, koma mutiuze zoona. Wakulembani ntchito ndani mwa awiriwa?"

"Palibe."

"Ndiye kuti ndi wachitatu," anatero mayi wina kumbuyo. "Alipo wa ku Ulongwe amene akufuna madimba onse awiri."

Holo yonse inayamba kung'ung'udza, ena akutchula kale mayina a eni magolosale. Ndinaona kuti khomo lotulukira latsala limodzi, ndipo linali la manyazi. Ndinaimirira.

"Abambo ndi amayi, chitsegulireni ofesi ija, palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anandilembapo ntchito. Ndinkangofuna kudziwika."

Amayi anga anadziphimba kumaso ndi nsalu. Koma a Kasitigo sanakhutire. "Nanga m'kabukumo analemba chiyani? Awerenge!"

Katekisita anakatenga, anavala magalasi, n'kuwerenga ndi mawu aja amawerengera kalata ya abishopu. "A Bonifasio: mbatatesi, njinga yakuda, ndidzawayamikire chipewa. A Kasitigo: sakonda kuseka, ndidzayese nkhani ya mpira." Anatembenuza tsamba. "A Mateusi akundiipitsa. Chithumwa chija ndi chenicheni."

Kumbuyo kwenikweni wina anatsokomola. Linali jekete lija. A Mateusi anali atakhala pa benchi yomaliza, manja ali pamimba. Apo m'pamene ndinamva kuti Lolemba akulu awiri aja anakagogoda pa ofesi yawo, wina m'mawa wina masana, aliyense kufuna womuteteza kwa ine. Mkuluyo ndi amene anawauza kuti ayambe akumana ku mishoni.

Anthu anaseka mpaka a Bonifasio ndi a Kasitigo anagwirana dzanja, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinati poti mtima wawo wafewa, ndiyese komaliza.

"Bambo, nanga za mapepala a gulu aja?"

"Aa, amenewo tawapatsa kale a Mateusi," anatero a Bonifasio. "Zaka zonsezi tinkaopa kulowa mu ofesi ya loya. Karitau lanu ndi limene linatilowetsa."

Potuluka, a Mateusi anandisisita paphewa. "Mwana wanga, mukadzasindikiza ena mudzandiuze msanga, ndiwonjezere mipando."

Chiyambire pamenepo ndinaphunzira kuti ukafesa osafunsa mbiri ya munda, amakolola ndi mnzako.