Njinga Yosakweredwa ya a Francisco

Kuno ku Nsadzo mukamva wina akuti "ukusunga ngati a Francisco," dziwani kuti nkhani yake ndi ya njinga. Malemu a Francisco anali ndi njinga imene kwa zaka zisanu ndi ziwiri sinalawepo thako la munthu. Anaigula ku Cassacatiza atagulitsa fodya, n'kubwera nayo chokankha ulendo wonsewo, pulasitiki wa kusitolo akadali pachishalo. Popita kumsika ankaikankha. Pamatope ankaisenza paphewa. Mvula ikagwa, njinga inkafunda kapulana, chitenje cha akazi awo, a Ilda, eni ake kapulanayo n'kumanyowa.

"Bambo, thumbali landilemera," a Ilda ankadandaula pochokera kuchigayo.

"Sinthani nkhata, mai. Matayala samera m'munda."

A Ilda anafika pomauza anzawo kuti ali pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi njingayo.

Kukapela a Francisco sankajomba, koma ankakhala pafupi ndi zenera kuti diso limodzi lizikhala panja. Lamulungu lina katekista Yosiya anawerenga za Msamariya amene anakweza munthu wovulala pa bulu wake. Atamaliza, a Francisco anaimika dzanja.

"A katekista, nanga buluyo anabwerako ali bwinobwino?"

"Buku silinena za bulu, bambo. Likunena za munthuyo."

"Ndiye nkhaniyo ndi yoperewera."

Pobwerera kunyumba anapeza Anabela, mtsikana wa khomo loyandikana nalo, atakhala pansi pa msuku akubuula. Anali ndi pakati, ndipo matenda anali atamuyamba mwezi usanakwane. Mwamuna wake anali ku Zambia, chipatala chili kutali. A Ilda sanapemphe n'komwe, poti amuna awo ankawadziwa. Anangogwada n'kumamupukuta thukuta. A Francisco anayang'ana njinga, anayang'ana Anabela, anayang'ananso njinga nthawi yaitali ndithu. Kenaka anang'amba pulasitiki uja.

"Mukwezeni."

"Palasani msanga, bambo," anatero a Ilda atamukhazika.

"Mai," ananong'ona a Francisco, "ine kupalasa sindidziwa."

Zaka zonsezo chinsinsi chinali chimenecho. Anakankha chothamanga, a Ilda atagwirira Anabela m'chiuno. Anafika tayala limodzi litaphwa, nsapato ina itatsala m'njira, koma mwana wamkazi anabadwa wamoyo, mai wake ali bwino.

Kuyambira pamenepo vuto linangosintha nkhope. Munthu sunkayerekeza kutsokomola pafupi ndi a Francisco.

"Kwerani."

"Iyayi bambo, ndangotsamwa mtedza."

"Msamariya sanafunse mafunso. Kwerani."

Njinga ija inanyamula odwala, nkhalamba zopita ku misa, nkhuni za pamaliro, mpaka mbuzi yothyoka mwendo ya munthu woti kukapela sanapondeko. Utoto unasupuka, belu linagwa, mwini wake osadandaula. A Ilda nawo anakwera potsiriza, thumba la ufa lili pamiyendo, akuuza aliyense wokumana naye kuti mitala ija yatha.

Chaka chatha chibayo chinawagwira a Francisco. Anabela ndiye anabwera kudzawatenga, ndipo aka kanali koyamba kuti mwini njinga akhale pachishalo chake. Anthu ankalandizana kukankha, mzere wake ngati wa Lamulungu la Kanjedza.

"Pang'onopang'ono pamiyalapa," anatero a Francisco ndi mawu otsika. "Matayala."

A Ilda anaseka misozi ili m'masaya. Atayenda pang'ono, a Francisco anawakodola.

"Kani zimakoma chonchi, mai? Ndinakumanani zaka zambiri."

Kuchipatalako sanabwereko.

Lero njinga imatsamira khoma la kapela, yopanda loko, ndipo wodwazika amangoitenga. Odziwa kupalasa amafika nayo msanga, n'zoona. Koma msewu wathu wasanduka wosakoma. Munthu umatsokomola mpaka kukafika kumsika popanda wokuvutitsa, ndipo a Ilda akamva chifuwa chikudutsa pakhomo amatembenukabe, kudikira mawu aja oti "kwerani."