Tsidya Lija Kuli Chiyani, a Fundo?

A Fundo a ku Chamama ndiwo munthu yekhayo amene ndinamuona akugona masana n'kumaumirira kuti ali pantchito. Nyengo yothyola fodya, ife tili kalikiliki kusoka masamba, iwo ankayala chiguduli m'chigafa, pansi pa fodya woyanika, n'kulengeza kuti, "Ndalowa mu situdiyo, musandisokoneze." Posakhalitsa mkonono unkayamba, wogwedeza ndi mikangala yopachikapo fodya yomwe.

Ankati nyimbo zonse zonena za mitsinje zimene timamva pa wailesi anazilota ndi iwo, oimba a m'tauni ankangowabera. Ukafunsa kuti amaba bwanji, ankaloza eriyo ya wailesi yawo.

"Kachitsulo aka mumayesa kamangolandira? Kamatumizanso!"

Choncho asanagone ankaikulunga wailesiyo m'thumba la feteleza n'kukaisiya kuseri kwa khola. Tsiku lina mbuzi inatafuna eriyo ija. A Fundo anaithokoza pamaso pa anthu, n'kuipatsa madeya odzaza beseni.

Ngakhale masewero sankawasiya. Litamveka sewero la munthu wolota akumira, iwo anadzambatuka. "Ameneyo ndine! Andibera mpaka katsokomoledwe!"

Koma panali nyimbo imodzi imene akubawo anailephera, chifukwa mwini wakenso analibe mathero ake. Ankaiimba ndi mawu okoma zedi, osayenerana ndi ulesi wawo:

Wabwato dikira, ndatsala ndine,
madzi afika m'chiuno,
tsidya lija kuli...

Pamenepo ankangoti zii.

"Kuli chiyani, a Fundo?"

"Kafunseni mayi a Masautso!"

Mayi a Masautsowo anali a Fainala, akazi awo. Malinga ndi a Fundo, nthawi iliyonse bwato la m'maloto likafika pakati pa mtsinje, nkhungu ya kutsidya itayamba kuyera, a Fainala ankawagwedeza phazi.

"Bambo a Masautso, dzukani, fodya akuwola uyu! Malotowo amagula ku okushoni?"

"Mwandimizanso, mayi inu! Ndinangotsala pang'ono kuona!"

Ife tinayesa kuwathandiza. Wina anati tsidya lija kuli mitengo yabwino ya fodya. Wina anati kuli mowa waulere. A Fundo anakana zonsezo mokwiya ndithu. "Ine sindipeka, ndimalota." Tinkaseka, koma nkhaniyi inkawapweteka. Ankaopa kuti adzafa nyimbo yawo ili yoduka.

Chodabwitsa n'chakuti katswiri wa mitsinjeyu ankaopa madzi ngati mphaka. Steven, wa njinga yamoto ya kabaza, anawanyamula tsiku lina mpaka ku mtsinje wa Bua kuti akaone tsidya ndi maso, nyimbo ithe. Atafika pa mlatho, a Fundo anatsinzina n'kumukumbatira Steven pamimba.

"Tsegulani maso, madala! Tsidya ndi ilo, kuli chimanga ndi golosale."

"Uwu si mtsinje wanga. Wanga ulibe mlatho. Tembenuza njinga!"

Chaka chathachi anayamba kudwala, thupi n'kutha. Kuchipatala cha ku Boma anapitako n'kubwerako, koma anakana kugona m'nyumba, ankafuna situdiyo yawo. Apa m'pamene tinaona zachilendo. A Fainala, omwe kwa zaka zonsezi anali belu lowadzutsa, ankakhala pakhomo la chigafa ndi kandodo, kuthamangitsa nkhuku ndi kutizazira tikakweza mawu.

"Chete inu! Bambo ali pantchito."

Masana ena mkonono unaleka. Tinayang'anana. Ine ndinafuna kulowa, koma a Fainala ananditsekereza ndi kandodo kaja, misozi ili mbwembwembwe.

"Asiyeni. Ndawabweza kokwanira. Lero awoloke."

Chaka chino fodya wabereka bwino, koma m'chigafa muja simukoma. Palibe woti timunene ulesi, ndipo wailesi ikaimba za mtsinje palibe wofuula kuti wakuba. Ine ndimawasowa kwambiri, sindibisa.

Nyimbo ija timaiimbabe tikamasoka, ndipo tonse timaima pamalo omwe aja. Sabata yatha tinafika pa "tsidya lija kuli", n'kukhala chete monga mwa masiku onse. A Fainala sanadzutse mutu. Anapitiriza kusoka masamba awo, kenako anaimba motsitsa mawu:

"...kuli bambo a Masautso."