Nyenyezi Zitatu ndi Dengu la Zinanazi

Milonde,
Mulanje.

Olemekezeka Bwana Wapampando,
Bungwe Logawa Nyenyezi kwa Malo Ogona Alendo,

Ndayamba ndi kuwomba m'manja, ngakhale simukundimva, pakuti ndikudziwa kuti munthu wa nsapato ngati zanga sayenera kutulukira pa desiki yanu asanaitanidwe. Dzina lanu sindilidziwa, poti aliyense amangokutchulani kuti Wapampando. Ndimadziwa siginecha yanu yokha, yokhotakhota bwino ngati ya munthu wophunzira kunja, yomwe ili pa chikalata chopachikidwa m'galasi ku malo ogona alendo a Mpumulo Weniweni, m'munsi mwa phiri lathu lino. Pamwamba pa siginechayo pali nyenyezi zitatu zagolide. Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha nyenyezizo, iliyonse payokhapayokha.

Ine ndine Jailos Muhala, kalaliki wa pa sikelo ya tiyi wopuma ntchito. Akazi anga, amake Pilirani, omwe dzina lawo la ubatizo ndi Emma, athyola tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi. Dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, akaweruka n'kudzayamba ntchito ina ya pamoto. Pa zaka zonsezi sindikumbukira tsiku lomwe mayi amenewa anakhala pansi wina n'kuwabweretsera chakudya, kupatula pamene anali chigonere kuchipatala ndi khanda. Ndinawalonjeza kalekale, tsitsi langa lisanayere, kuti akadzatula dengu ndidzapita nawo kumalo komwe sadzagwira tsache kapena ndowa, komwe adzatumikiridwe ngati akazi a mabwana. Ankandiseka, amvekere pakamwa panga m'ponona kuposa thumba langa. Chaka chino msana wakana, dengu atula, ndipo nthawi yoti ndisunge mawu anga inakwana.

Mwana wathu Pilirani, yemwe ndi namwino ku Blantyre, ndiye anandichotsa manyazi. Anapeza malowa pa foni n'kutilipirira masiku atatu. Anationetsa zithunzi zake: dziwe losambiramo, mathithi oyera mbee, ndi mtsikana wovala zoyera akulowa m'chipinda atanyamula tiyi pa thireyi. Amake anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzi cha thireyicho. Pilirani anati tisaope, malowa ali ndi nyenyezi zitatu zosainidwa ndi akuluakulu. Kotero ndi dzanja lanu, Bwana, lomwe linatikweza kabaza Lolemba m'mawa, ndipo mundilole ndiyale mathokozo anga mwadongosolo, monga tinkachitira ku ofesi.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha msewu. Chikwangwani cha pa tala chimati mphindi khumi, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anayeza anali khwangwala. A kabaza anatitula pamtsinje pomwe panali mlatho kale, natiuza kuti kuchokera apa zimawoloka ndi galimoto zitalizitali za mabungwe zokha, enafe tivule nsapato. Tinavula. Tinayenda ola lathunthu m'kamvula ka chiperoni, matope ofiira mpaka m'akakolo, ine sutikesi paphewa, amake Pilirani dengu pamutu.

Za dengulo ndifotokoze, mungatiyese opepera. Kwathu kuno munthu sukagona kwa eni ake chimanjamanja. Choncho akazi anga anadula zinanazi khumi ndi ziwiri za m'munda mwathu, zakupsa bwino, n'kuika pamwamba pake nkhuku yomanga miyendo. Ndinayesa kuwauza kuti uku si kwa apongozi, ndi malo olipira. Anandifunsa ngati kumalo olipirako kulibe anthu, komanso ngati anthuwo alibe pakamwa. Ndinatseka panga.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha mlonda wa pageti, munthu wa maso akuthwa zedi. Atangotiona, n'kumva akazi anga akumupatsa moni wa Chilomwe atapinda bondo, anadziwiratu kuti sitingakhale alendo. Alendo amabwera pa galimoto, magalasi ali otseka, ndipo sapereka moni. Anatizungulitsa kuseri, kudutsa padzala, mpaka pakhomo la khitchini pomwe amalandirira ogulitsa masamba. Pamenepo woyang'anira malowa, a Spencer, anayamba kutosa zinanazi chimodzichimodzi ndi chala, uku akunenerera mtengo. Akazi anga anati si zamalonda, ndi mphatso. A Spencer anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa dziko, nati ntchito pakadali pano palibe koma awalemba dzina. Kwa iwo, wakumudzi akabwera ndi mphatso ndiye kuti akufuna ganyu basi.

Nditatulutsa kapepala komwe Pilirani anandilembera nambala yosonyeza kuti talipira, a Spencer anakawerenga katatu. Kenako anasuzumira kumbuyo kwathu, nafunsa kuti alendo omwe tawanyamulira katunduyo atsalira pati. Zinatengera kuimba foni ku Blantyre, mwana kusiya odwala n'kukalipa m'Chingerezi, kuti atipatse kiyi. Tinapatsidwadi, koma zinanazi ndi nkhuku zinali zitalowa kale.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha chipinda chomwe amachitcha choyang'ana phiri. Zenera lake layang'ana khoma la chimbudzi cha antchito, koma sindikudandaula, phirilo timaliona ulere tsiku ndi tsiku. Mpope wa m'bafa nditautsegula unatsokomola kawiri ngati nkhalamba yosuta chingambwe, n'kukhala chete mpaka tsiku lochoka. Dziwe losambiramo lilipodi, sanatinamize, ndipo ndi lakuya bwino. Amasungiramo mbuzi za eni malowa, poti sizingathe kukwera n'kutuluka. Mathithi aja tinakawaonanso madzulo omwewo: mwala wakuda, madzi akudontha ngati denga lothonya. Anatiuza kuti mitengo ya kumtunda inatha ndi makala, tidzabwerenso mu Febuluwale mvula ili pakati. Nditafunsa kuti mu Febuluwale munthu amawoloka bwanji mtsinje wopanda mlatho, anati funso limenelo n'la akuluakulu. Ndiye ndalipereka kwa eni ake.

4. Apa ndilembe mofatsa. Lachiwiri m'mawa amake Pilirani anadzuka m'bandakucha monga mwa chizolowezi, n'kuyamba kufunafuna tsache kuseri kwa chitseko. Ndinawabweza, ndinati lero ndi tsiku lija. Anasamba kumaso ndi madzi a m'botolo lathu, anavala chitenje chatsopano chomwe ndinakawagulira ku Milanje, kutsidya kwa malire, anamanga duku, n'kukhala pabedi manja ali pamiyendo, kudikira thireyi. Phazi lililonse likamveka pakhonde ankawongola msana. Sikisi inakwana, seveni, eyiti. Itakwana naini ndinati mwina mwambo wa kuno ndi wodzitengera wekha, tiyeni.

M'chipinda chodyera tinapezamo akuluakulu oposa makumi awiri ochokera ku likulu, omwe anabwerera msonkhano. Pansalu yopachikidwa kukhoma panalembedwa kuti msonkhanowo ndi wolimbikitsa eni dziko kuti azikonda kuyendera malo awo okopa alendo. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati tafika pakati pa abale. Abalewo anali atamaliza mazira ndi buledi yense, ndipo ankatsukira mkamwa zinanazi za m'munda mwanga, uku akuyamikira kuti malowa amadziwa kusankha zipatso. Tiyi anali atatha. Masamba enieniwo, Bwana, m'nyumba yoti ukaima pakhonde n'kulavula, malovu amakagwera m'munda wa tiyi.

Tili chikhalire pakona, mayi wina wa pamsonkhanopo, wa zikhadabo zofiira, anakodola akazi anga ndi chala osawayang'ana n'komwe, nawauza kuti m'chipinda nambala seveni mukufunika madzi otentha osamba, ndipo achite changu. Ndinadzuka kuti ndiyankhe, Chingerezi chonse chomwe ndinatola ku esiteti chitadzaza m'kamwa. Koma akazi anga anali ataimirira kale. Ndinawagwira dzanja. Anandiuza chapansipansi kuti kunja kukuzizira, mlendo sangasambe madzi ozizira iwo ali pomwepo, ndipo ndisawachititse manyazi pagulu.

Kukhitchini anakapeza wantchito mmodzi yekha, mayi Lucy, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, akuchokera kumtsinje ndi ndowa pamutu. Wophika ndi iwo, wochapa ndi iwo, wokolopa ndi iwo, mpope wa nyumba yonseyo ndi iwo omwe. Munthu amene anaberekapo kasanu ndi kamodzi sangaone zoterozo n'kubwerera kukakhala pabedi. Anawalandira ndowa ija.

Kuyambira pamenepo, Bwana, tchuthi chathu chinayenda bwino kwambiri. Tsiku limenelo akazi anga anatsika kumtsinje maulendo khumi ndi anayi, kukwera chitunda ndi msana womwe adokotala anati upume. Lachitatu anachapa nsalu zapabedi za akuluakulu onse, n'kuwaphikira nkhuku yathu ija. Ine ndinalandira khosi ndi phazi limodzi. Ndinkakhala pakhonde nditavala jekete yanga ya kutchalitchi, munthu wa pa holide, ndikuwaona akudutsa ndi ndowa, chitenje chatsopano chili bii ndi mwaye. Ndinawaletsa kangapo, mpaka tinakangana kuseri kwa khitchini, chinthu chomwe sitinachitepo kwa eni ake chikwatiranire. Iwo ankangoti nanga mwana wa eni akeyu akagwa ndi ndowa, adzayankha ndani? Manyazi otero sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndikunena poyera kuti misozi inanditsika.

5. Ndikuthokoza kuti inunso munabwera. Anandiuza kuti galimoto yakuda yomwe inafika Lachitatu masana inali yanu, ndipo bambo amene anayankhula mphindi makumi anayi za kukongola kwa dziko lathu munali inu. Ndinamvetsera ndili pazenera. Munati vuto lathu ife Amalawi n'loti sitidziwa kupuma, malo okoma tili nawo koma timangowasiyira azungu. Anthu anawomba m'manja, inenso ndinawomba. Madzi omwe munasamba m'manja musanadye anakuthirirani ndi akazi anga, atagwada. Munati zikomo amayi, ndipo izi sindidzaiwala, chifukwa pa gulu lonselo munatero ndi inu nokha. Mutatha kudya munakwera galimoto kukagona ku Blantyre. Apa ndinaona nzeru zanu, pakuti wogawa nyenyezi akagona pamalo pomwe wazigawa akhoza kudzuka atasintha maganizo.

Tsiku lochoka a Spencer anatiperekeza mpaka pageti la kutsogolo, ulemu waukulu ndithu. Anati chitsegulire malowa sanaonepo munthu wolimbikira ntchito chonchi, ndipo mayi Lucy akapita kukachira, malo alipo.

Tsopano ndifike pa chomwe chandigwiritsa cholembera. Tinafika kumudzi Lachinayi, tsiku lomwe amayi a Mvano amakumana, ndipo atatuluka m'tchalitchi onse anakhamukira pakhomo pathu kudzamva za holide. Ine ndinali m'nyumba, ndikumva zonse. Amake Pilirani, munthu amene sananamepo ngakhale pa sikelo, pomwe ena ankabisa miyala pansi pa masamba kuti dengu lilemere, anawauza anzawo kuti kunali ngati kumwamba. Anati m'mawa uliwonse mtsikana wovala zoyera ankagogoda ndi tiyi pa thireyi, mkaka pambali, shuga pambali. Anati bambo a Pilirani asunga mawu awo. Anatero pofuna kunditchinjiriza ine, kuti m'mudzi musamveke zoti Jailos analonjeza zaka makumi atatu n'kukagwiritsa mkazi wake ganyu yaulere. Mwana wathu ataimba foni anamuuzanso zomwezo, namuthokoza.

Amayi aja anakhulupirira. Pano amayi khumi ndi awiri, onse othyola tiyi ndi olima, ena achikulire kuposa akazi anga, apangana kuti akagulitsa nandolo mu Okutobala apite ku Mpumulo Weniweni nawonso akakhaleko pabedi n'kulandira tiyi. Asankha amake Pilirani kuti awatsogolere, poti ndiwo akudziwa njira. Mayi wina wayamba kale kunenepetsa tambala wa mphatso. Akazi anga masiku ano sakudya bwino, amangotosa chakudya n'kukankha mbale. Ine sindingatsegule pakamwa kuwauza anthuwa zoona zake, chifukwa kutero n'kuwatcha akazi anga abodza pamaso pa mpingo, pa bodza lomwe ananenera ine.

Choncho ndagwira mwendo wanu, Bwana Wapampando. Sindikupempha kuti mukonzetse mlatho, kapena mpope, kapena kuti mbuzi zisamuke, ndikudziwa kuti zinthu zoterezi zimafuna misonkhano ingapo. Pempho langa n'lochepa. Pofika Okutobala, tumizani kumalo anu aja ndowa khumi ndi zitatu, matsache ndi sopo wokwanira, kuti amayi athuwa pokapuma asamakalimbirane zipangizo. Ndowazo zikhale zapulasitiki, zopepuka, poti ambiri mwa iwo misana inatha kale. Ngati thumba la bungwe lanu silingakwanitse, chotsani nyenyezi imodzi mugulitse, palibe amene adzazindikire kuti yasowa. Ndowa khumi ndi ziwiri zikhale za amayiwo. Yotsalayo mulembepo dzina langa, chifukwa ulendo uno amake Pilirani adzakhala pansi, ndipo madzi awo ndidzatunga ndine.

Ndine wanu wochepetsetsa, wogwada mpaka mawondo kuwawa,

Jailos Muhala,
Kalaliki wa pa sikelo wopuma ntchito.